Timbiya Titatu pa Ukonde wa a Sulaiman

Chivomerezi chinagwedeza mudzi wa kwawo kwa Hasina, ku Senga Bay, Lolemba m'mawa. Palibe amene anavulala. Chinagwetsa khoma la bafa la a Edina, mayi wina wa m'mudzimo, ndi mapolo atatu a magetsi basi, koma chigayo chinangoti zii. Kwa Hasina, mtsikana wa Fomu 2 amene ankaganiza kuti tchuthi ndi nthawi yopuma, limeneli linali tsoka. Ukwati wa mkulu wake Raisa unali Loweruka, ndipo matumba awiri a chimanga ankafunika kusanduka ufa.

Pofika Lachinayi manja ake anali matuza okhaokha. Munsi unkalira mumtondo, pakamwa pake naponso sipankapuma.

"Anthu a magetsiwa akubwera wapansi kodi?" ankatero. "Ife tifera pamtondo pano!"

Chinthu chimodzi chokha chinamusangalatsa sabata imeneyo. Tsiku la chivomerezi lomwelo, akupita kukatsuka mbale, anaona timbiya titatu tabulauni, tonyezimira, titakwiririka mumchenga pafupi ndi polo lakugwa. Tinali tolemera, tokhala ndi khosi lomangapo chingwe bwinobwino. Kunyanja kuli lamulo lomwe ngakhale mwana amalidziwa: chimene wachipeza pamchenga, kaya ndi nkhafi kaya ndi chigubu, watola ndiye mwini wake. Choncho Hasina anatitola n'kukapatsa bambo ake, a Sulaiman, omwe ukonde wawo unali utataya miyala yomiza.

A Sulaiman anatimangirira kumunsi kwa ukonde, ndipo mawa lake anabwerako ndi kampango asanu. Bambowo sankayamikira mwana wamba, koma tsiku limenelo anauza asodzi anzawo kuti, "Mwana wanga uyu ali ndi mutu." Hasina anasangalala kwambiri, moti anayenda mapewa ali m'mwamba masiku awiri athunthu.

Lachinayi lomwelo cha m'ma teni, lole ya a magetsi inatulukira. Mtsogoleri wawo anali mayi wamfupi wovala ovolosi ndi chipewa cholimba, dzina lake Tiwonge. Amuna a m'mudzi anathandiza kukoka zingwe, ndipo mapolo onse atatu anaimanso. Hasina ndi Raisa anasiya mtondo n'kupita kukaonerera.

Kenaka ntchito inaima. Tiwonge ankafukula mchenga ndi nsapato yake, nkhope itakwinyika.

"Makolo anga, pali zipangizo zikusowa pano," iye anatero. "Zomwe tinanyamula zathera m'midzi ina. Zikapanda kupezeka, ife tipitirira ku Chipoka, ndipo kuno tidzabweranso zatsopano zikafika, mwina pakatha masabata awiri."

"Mbava!" anakuwa a Edina, manja ali m'chiuno. "Mudzi uno wadzaza mbava!"

"Ameneyo agwidwe ndithu!" Hasina anathirirapo mokweza, akuonetsa anthu matuza ake. "Aone manja angawa!"

Tiwonge anakwera palole n'kutsika ndi kambiya kosweka. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Tikufuna totere titatu. Ndi timene timagwira mawaya pamwamba pa polo kuti moto usatsikire pansi."

Hasina anakayang'anitsitsa. Kambiyako kanali kabulauni, konyezimira, kokhala ndi khosi lomangapo chingwe.

Anachita mantha, ndipo manyazi anaposa manthawo. Palibe anamuona akutola. Ukonde ukangolowa m'madzi, ndani akanapita kukafufuza pansi pa nyanja? Koma atacheuka anaona Raisa akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake. Popanda magetsi, alendo a ukwati akanadya chiyani? Chimanga chosinjidwa chinali chisanakwane ngakhale theka la thumba.

Hasina anachoka mwakachetechete n'kuthamangira kugombe. Anapeza bambo ake ali pamthunzi, akusoka ukonde.

"Ababa, timbiya tija si ta nyanja ayi," anatero. "Ndi ta polo la magetsi. Akutifuna, ndipo popanda timeneti magetsi sayaka."

A Sulaiman anasiya kusoka. Anayang'ana timbiyato, anayang'ana mwana wawo, kenaka anapukusa mutu.

"Subhanallah! Ndiye kuti kampango uja tinamupha ndi magetsi a mudzi wonse?"

"Ine ndakuwa nawo kuti wakuba agwidwe," Hasina anayamba kulira. "Mukapereke ndinu, Ababa. Mukanene kuti mwatipeza pamchenga."

"Ayi, mama. Bodza lokha ayi." Anatenga mpeni n'kudula zingwe zonse zitatu. "Unatola ndiwe, ndinamanga ndine. Iwe tsogola, ine ndili pambuyo pako."

Njira yochokera kugombe ndi yaifupi, koma tsiku limenelo inatalika. Atafika, a magetsi anali atayamba kale kukweza makwerero awo palole. Hasina anagwada pamaso pa Tiwonge n'kumasula chitenje chimene anakulungamo timbiya tija.

"Anti, timbiya tanu si iti. Ndinatola ndine Lolemba. Ndimayesa kuti chapamchenga chilibe mwini."

Tiwonge anatola kamodzi, anakatembenuza kufuna mng'alu, kenaka anakanunkhiza.

"Kodi timeneti timakhala kuti? Tikununkha nsomba!"

"Timamiza ukonde wanga, mayi," anayankha a Sulaiman. "Ndipo kunena zoona, timagwira ntchito bwino zedi."

Tiwonge anaseka mpaka chipewa chinagwa, ndipo khamu lonse linaseka naye. Atatha anamudzutsa Hasina pomugwira dzanja.

"Wachita bwino kubwera, mng'ono wanga. Koma polo likagwa usadzaliyandikirenso. Waya wogona pansi amatha kukhala ndi moto. Ukanatha kufa chifukwa cha kampango." Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Pakusowanso mabawuti anayi ndi chitsulo chopingasa. Nanga zimenezo zili pa ukonde wa ndani?"

Anthu anayamba kuyang'ana pansi. Mmodzi anakhosomola n'kuchoka, wina anamutsatira. Posakhalitsa mabawuti anayamba kubwera, limodzi kuchokera pa bwato, lina pa njinga ya kabaza. Omaliza kufika anali a Edina, atasenza chitsulo chija. Anali atachirikizira nacho khoma la bafa lawo.

"Musandiyang'ane choncho," anatero a Edina. "Inenso ndinachipeza pamchenga!"

Cha m'ma thili koloko masana, chigayo chinakhosomola kawiri n'kuyamba kulira. Amayi analuluta mudzi wonse. Raisa anamukumbatira Hasina mpaka kumupweteka matuza, ndipo awiriwo anathamangitsa wilibala ya chimanga kuti akakhale oyamba pamzere. Hasina anali asanamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Mawa lake, fungo la mandasi a ukwati litadzaza pabwalo, iye anakwera kuphiri n'kubwerako ndi miyala itatu. Inali yakuda, yokhakhala, yosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Anaiika pafupi ndi ukonde mwamanyazi.

A Sulaiman anatola umodzi, anauyeza kulemera m'dzanja, kenaka anayamba kuumangirira akumwetulira.

"Imeneyi ndiye yabwino, mwana wanga," anatero. "Palibe adzabwere ndi lole kudzaifunsa."