Jagi Yamkuwa ya ku Nathenje

Pa Mitundu panalibe banja losiririka ngati la Efulemu ndi Kettie. Mwamuna ankasula ndowa ndi mbaula pamsika. Mkazi ankasamalira mayi wina wodwalika ku Nathenje, wamasiye wachisilamu. Loweruka lililonse Efulemu ankamuchingamira pasiteji, n'kumukweza panjinga akuseka.

Mayiyo ataona kuti watsala madzi amodzi, anapatsa Kettie jagi yamkuwa yosambitsira alendo m'manja, yakalekale, imene makolo a mwamuna wa mayiyo anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Pakhosi pake panazungulira zilembo za Chiarabu, zasiliva wokhomeredwa mumkuwa, zitalizitali ngati bango.

Efulemu anakaionetsa pamsika monyadira. Pitala, mnzake wogulitsa makala, anati, "Achimwene, chinthu chotere sapatsa wantchito. Mayi uja ali ndi mwana wamwamuna woyendetsa lole. Zolembazi ndi zachikondi. Akukudyerani masuku pamutu."

Nsanje ndi bala la pamwendo, ukamalikanda limanunkha. Efulemu, bambo wandevu zake, anayamba kununkhiza zitenje za mkazi wake ngati galu. Ankafufuza m'foni. Tsiku la maliro a mayi uja anabisala kuseri kwa golosale ku Nathenje, ndipo anaona Kettie akupepesa mwana wa malemuyo, atagwada. Kwa iye umenewo unali umboni wokwanira.

Mawa lake masana anaikira Kettie jagi ija pamiyendo.

"Werenga apa."

"Abambo a Yankho, Chiarabu ndinachiphunzira kuti ine?"

"Ndiye kuti anakuwerengera yekha, muli pamphasa."

Kettie anayankha kuti, "Ndakhala ndikupukuta matenda a munthu kuti pakhomo pano tidye. Koma zondinyansa ndazimva lero, pakamwa panu."

Efulemu anatsomphola jagi ija. Anamenya nayo mkazi wake kamodzi, n'kubwerezanso. Kettie anatsirizikira m'ngolo popita kuchipatala.

Kukhoti ku Lilongwe, Pitala analumbira kuti sananenepo kanthu. Woweruza anaitana shehe wina wokalamba kuti awerenge zilembozo. Sheheyo anatembenuza jagi yophwanyikayo pang'onopang'ono.

"Akuti: madalitso, ulemu, mtendere ndi moyo wautali kwa mwini wake. Mmisiri analemba zimenezi zaka mazanamazana zapitazo. Mulibe dzina la munthu."

Efulemu anasanza pomwepo. Woweruza anamulamula kukakhala kundende moyo wake wonse.

Munthu wosadziwa kuwerenga chinthu amafunsa, sachita manyazi. Efulemu anasankha kuwerenga zonyansa za mumtima mwake, ndipo mwana wawo Yankho akukula kwa azakhali ake, wopanda mayi, dzina la bambo ake osafuna n'kulimva komwe.