Anatsikira pa Mphambano

Pa msinkhu wangawu ndinamizirenji munthu? Zimene ndikuuzenizi ndinaziona ndi maso angawa m'chaka cha 1998, ndipo Mang Gorio, dalaivala wa jipini, kabasi konyamula anthu opita kutauni ya Lucban, akadali moyo. Kamufunseni, koma mumupeze asanalawe mowa.

Ine ndine Presing, mwaulemu wa kuno amati Aling Presing. Ndili ndi kamalo kodyera pa mphambano pamene msewu wa kumanda umakumana ndi msewu waukulu. Ndimaphika phala la mpunga lothira jinja ndi nkhuku, nthochi zokazinga m'shuga, keke ya chinangwa ndi khofi wakuda wodzutsa ndi waulesi yemwe. Kwathu kuno munthu akachoka kumaliro sapita kunyumba mwachindunji. Amayamba waima penapake n'kudya kanthu, kuti ngati wakufayo wamutsatira atsale pomwepo. Timati pagpag, kudzikutumula. Ukalowa naye m'nyumba, potuluka satuluka yekha, amatengako wina. Tsono penapake pamene anthu onse amaima ndi pa ine. Zaka zonsezi akhala akunditayira akufa awo pakhomo ngati makoko a nthochi, ndipo sindidandaula. Ambiri ndi aulemu, dzuwa likamalowa amakhala atapita.

Pulong anali wometa kumsika, mkazi wake Minyang ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Anali ndi njinga yamoto yakalekale, ya kangolo kofolera ndi lata pambali pake. Lamlungu lililonse akatuluka ku Misa yoyamba ankatenga bambo a Minyang, a Tatay Anselmo (kuno Tatay ndiye kuti bambo), basi ulendo wapsa. Sikuti ankapita kutali ayi. Tsiku lina kumtsinje kukanyika mapazi, lina ku Lucban kukagula masoseji a adyo, lina kunyanja ya ku Sariaya kukangokhala pamchenga n'kumadya mango osapsa ndi mchere. Pobwerera ankaima pa ine, fumbi lili mbuu, akulimbana za amene wasocheretsa mnzake.

"Aling Presing, mwamuna wangayu mumupatse khofi wopanda shuga," ankatero Minyang. "Taonani chimimbacho. Anthu akumafunsa kuti woyembekezera ndani pakati pa ife."

"Iwe usandiyambe," Pulong ankayankha. "Yangayi ndaigwirira ntchito zaka khumi. Iwe wangoyamba dzulodzuloli, wayamba kale matama."

Ankaseka choncho chifukwa mimba ya Minyangyo anaidikira zaka zisanu ndi zinayi. Makandulo amene Minyang anayatsa m'matchalitchi a m'chigawo chino akanatha kuwalitsa tauni yonse.

A Tatay Anselmo anali ndi mpando wawo wansungwi pawindo loyang'ana kumsewu. Mawondo anali atawathera, moti kuwakweza kapena kuwatsitsa m'kangolo inali ntchito ya anthu awiri, iwo akutukwana mpongozi wawo kuti amagwira munthu ngati thumba la mpunga. Ankanunkhira mafuta a kamfa opaka m'mawondo ndi fodya wa masamba. Akangokhala pansi ankati, "Presing, phala lako lija lopanda nkhuku bwera nalo, tione ngati lero nkhukuyo yadutsamo."

Anamwalira mu Juni, ali m'tulo, Minyang ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Tinawaika Lachinayi masana.

Anthu atachoka kumanda anadzaza pa ine monga mwa masiku onse. Pulong anaimika njinga n'kutsika, koma Minyang anangokhala m'kangolo, manja ali pamimba. Ndinali pafupi ndikupukuta tebulo, ndiye ndinamva zonse.

"Tsika, Minyang."

"Sinditsika. Bambo anga ndiwasiye pamsewu ngati katundu woiwalika?"

"Nanga tipite nawo kunyumba? Ukudziwa zimene zimachitika."

"Ndi bambo anga, Pulong. Sangandichite kanthu."

"Sindikunena za iwe."

Anatero akuyang'ana mimba ija. Minyang analira mopanda mawu, kenako anatsika. Anamwa khofi theka la kapu ataimirira, n'kusansa siketi yake yakuda pakhomo. Pochoka sanacheuke. Ine zinandikhudza kwambiri, ndinakalirira kukhitchini.

Madzulo a tsikulo ndikusesa ndinamva fungo la kamfa. Ndinati ndi za anthu a kumaliro, okalamba analipo ambiri. M'mawa mwake fungo lija linalipobe, pawindo pokha. Galu wanga Tisoy, amene sagona m'nyumba ngakhale kugwe mvula yotani, anakagona pansi pa mpando wansungwi uja n'kumagwedeza mchira.

Loweruka masana anthu anadzaza mpaka ena ankadya ataimirira, koma pa mpandowo sipanakhale munthu. Palibe amene anawaletsa. Ankangoulambalala. Kenako analowa Mang Gorio, amene nthawi imeneyo anali atangosamukira kuno ndipo a Tatay Anselmo sanawaonepo. Podutsa pawindo ndi mbale yake anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Ndidutse nawo, Tatay."

"Mukulankhula ndi ndani?" ndinamufunsa.

Anacheuka. Anayang'ana mpando, n'kuyang'ana ine.

"Panali agogo apa. A chipewa cha mlaza."

Phala lake sanalimalize.

Chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Njinga yamoto iliyonse ikamamveka kuchokera kutauni, mpando uja unkalira kuti kwee, ngati munthu akudzuka kuti asuzumire. Ikadutsa osaima unkaliranso, pang'onopang'ono. Tsiku lonse zinali choncho. Amati mlendo ndi mame, koma awa sankachoka. Ankadikira kuti adzatengedwe.

Lamlungu Pulong ndi Minyang sanabwere. Lolemba ndinatseka malo anga n'kupita kumsika, ndinamupeza Pulong akumeta munthu.

"Iwe Pulong, apongozi ako akhala pa ine mpaka liti?"

Lumo linaima m'malere.

"Musatero, Aling Presing."

"Ndikutero kumene! Munthu wamkulu akudzuka pa njinga iliyonse yodutsa ngati mwana woiwalidwa kusukulu, iwe uli pano ukumeta ndevu. Ulibe manyazi?"

"Kunyumba sindingapite nawo," anatero motsitsa mawu. "Minyang sakudya, akungolira, koma mwanayu tamudikira zaka zisanu ndi zinayi. Mukufuna nditani?"

"Ndani wanena za kunyumba? Kodi Lamlungu munkakhala nawo kunyumba?"

Anaiwala zometa, thovu n'kumauma pa tsaya la mwini ndevu.

Lamlungu lotsatira anafika Misa yoyamba itangotha. Minyang anaima pambali, maso ali psuu. Pulong analowa, anavula kapusi, n'kuima patsogolo pa mpando wopanda munthu.

"Tatay, tikupita ku Sariaya. Koma madzulo tidzakutulani pompano. Kunyumba ayi. Mwamva?"

Mpando unalira. Tisoy anadzuka n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka panjinga. Ndiye kangolo kaja, tonse atatu tikuona, kanatsikira pansi. Masipuling'i analira.

Minyang anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Sunthani pang'ono, Tatay, tilipo awiri tsopano."

Kuyambira pamenepo zinangokhala za masiku onse, ndipo ndikuuzeni zoona, inali miyezi yabwino. Ankabwera m'mawa kudzawatenga, madzulo n'kudzawatula. Minyang anayambanso kudya, masaya anabwerera. Ankandiuza kumene apita: kumathithi, ku chikondwerero cha tauni yoyandikana nayo, kumunda wa kokonati kwa msuweni wake. Ati pa msewu wokumbika ankamva kudandaula pambali pake, iye n'kumukalipira Pulong kuti achepetse liwiro. Pulong ankati moyo wake wonse sanaonepo munthu wolamulidwa ndi apongozi amoyo ndi akufa omwe. Masiku makumi anayi amene timati mzimu umachoka anakwana, tinapemphera, makandulo tinayatsa. M'mawa mwake kamfa anali phaa pawindo. Ndinangoti, "Khalani, Tatay, mpandowo ndi wanu."

Tsono linafika Lamlungu lachiwiri la Seputembala. Minyang anali atatsala ndi milungu itatu, ndipo ndinamuletsa kuyenda, koma ndani amamva za Presing? Anati angopita pafupi, ku Lucban, akagule masoseji abwerere.

Cha m'ma folo koloko kunja kunada. Mvula inayamba ya madontho akuluakulu. Achule anayamba kulira m'minda ya mpunga, kenako onse anangoti zii nthawi imodzi. Ndinali ndi Mang Gorio yekha, akudikira kuti mvula ikate. Tinamva njinga ikutsika phiri, ikulira ngati ikufuna kuphulika.

"Ameneyo ndi Pulong," ndinatero. "Bwanji sakuchepetsa?"

Anadutsa ngati mphepo. Ndinangoona nkhope ya Minyang, pakamwa pali yasa, akukuwa. Matenda anali atamuyamba m'njira, ndipo mzamba ankakhala khomo loyandikana ndi lawo. Pulong ankathamangira kunyumba.

Kunyumba. Ndi a Tatay m'kangolo.

"Mayo ine, mwana uja!" Ndinathamangira pakhomo n'kukuwa dzina la Pulong, koma mvula inameza mawu anga. Ndinagwira chitseko.

Tisoy anatuluka pansi pa tebulo. Anapita pamvula mpaka m'mphepete mwa msewu, n'kuima. Kenako anatembenuka. Ankabwera pang'onopang'ono. Akayenda mapazi awiri, ankaima n'kudikira. Mapazi awiri, n'kudikira. Pabwalo panga ndi pafupi, koma anatenga nthawi yoti munthu n'kumwa khofi kapu yonse.

Anandidutsa pakhomo. Kamfa. Fodya wonyowa.

Mpando unalira kuti kwee.

Mang Gorio anachita chizindikiro cha mtanda. "Avulala bondo," ananong'ona. "Akulisisita."

Pulong anadzandiuza mbali yake patapita masiku. Akuyandikira mphambano anamva kugogoda pa lata la kangolo, monga amachitira munthu wofuna kutsika. Go, go, go. Sanaime, mutu wake unali pa mkazi wake. Kunagogodanso, mwamphamvu. Atangodutsa pa ine njinga inadumpha n'kupepuka mbali imodzi, moti anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Za apongozi ake anadzazikumbukira ali pageti la kunyumba, ndipo akuti anagwada m'matope n'kuyamba kupempha. Minyang ndi amene anamukalipira ali m'kati mwa ululu: "Dzuka, chitsiru iwe, kaitane mzamba! Atsika kale!"

Munthu amene nthawi imene anali moyo sankatsika m'kangolo koima popanda anthu awiri omugwira, anatsika njinga ikuthamanga.

Mwana anabadwa dzuwa lisanalowe, wamkazi, wamng'ono koma wa mawu ngati agogo ake. Anamutcha Selma.

Anabwera naye patatha mwezi, pochokera ku ubatizo, Lamlungu lowala bwino. Anafika anthu ena asanabwere. Ine manja anali m'ufa, ndiye ndinangoima chapatali ndikumusirira. Minyang anapita pawindo, anagwada, n'kuvundukula kansalu kumaso kwa mwanayo.

"Tatay, uyu ndi mdzukulu wanu. Tabwera kuti mumuone."

Mpando unalira pang'ono, ngati munthu akuweramira kutsogolo. Kamwana kanatsegula maso n'kuyang'anitsitsa m'mwamba pang'ono, pamene panalibe kanthu.

Kwathu kuno munthu akasirira khanda koyamba amanyowetsa chala ndi malovu n'kulipaka pachipumi, kuti kusirirako kusalidwalitse. Ndinapukuta manja kuti ndichite zimenezo, poti nanenso ndinali nditamusirira. Nditawerama, Minyang anandigwira dzanja.

"Taonani, Aling Presing."

Pachipumi pa Selma panali kamtanda konyowa, kakunyezimira, kukula kwake ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu. Pulong anali panja akutsitsa katundu. Minyang manja onse awiri anali atanyamulira mwana. Ine ndinali ndisanamukhudze.

Tinangokayang'ana mpaka kanauma kokha.