Thovu Labodza

Tuuli anaima pakhonde la sukulu yawo ku Oulu, chipale chofewa chikusungunuka pajekete lake, maso ali pachikwangwani cha mpikisano wa sayansi. Pansi pa mutu wa ntchito yawo panali dzina limodzi lokha: Verneri Lahtela.

Ntchitoyo anaigwira awiri. Inali yokhudza nthawi imene chilengedwe chinali chitangoyamba, kukutentha koopsa, mphamvu ya magetsi ndi mphamvu yofooka ya mkati mwa atomu zikadali chinthu chimodzi. Kutayamba kuzizira, mphamvuzo zinapatukana. Funso lawo linali lakuti, kodi zinapatukana mowira ngati madzi, thovu likuphulika paliponse, kapena mwakachetechete? Pulogalamu ya pakompyuta yoyesera zimenezi analemba ndi Tuuli.

"Dzina langa lili kuti?" anamufunsa Verneri pankhomaliro.

"Ganizo linali langa, iwe umangotayipa," Verneri anayankha akupaka batala pabuledi wakuda. "Komanso ukaima pagulu umachita chibwibwi. Ndakuthandiza, ukanayenera kundithokoza."

Anzawo anaseka. Mumtima mwa Tuuli munali moto.

Madzulo ake anatsegula pulogalamu ija. Ankadziwa kuti yankho lonse limadalira kulemera kwa kanthu kakang'ono kotchedwa Higgs. Akaika kulemera kwenikweni, kompyuta inkaonetsa kusintha kosalala, kopanda thovu. Anachepetsa nambalayo ndi theka, n'kuibisa pakati pa mizere imene Verneri sankawerenga.

Mawa lake Verneri, atayesa pulogalamuyo, anabwera akuwala nkhope. "Thovu latuluka. Ndapeza zomwe akatswiri anaphonya."

"Ndiwe dolo," anatero Tuuli. "Ukawauze onse."

Pa tsiku la mpikisano ku Helsinki, Tuuli anakhala kumbuyo kwa holo pamodzi ndi kalasi yake. Pakhoma, pomwe kompyuta inkaonetsa zithunzi, thovu lofiira linkakula, kugundana, kudzaza chilengedwe chonse. Verneri anayankhula monyada mpaka mmodzi mwa oweruza, Pulofesa Rautio, anavula magalasi awo.

"Mnyamata, kulemera kwa Higgs waika kotani?"

"Kwenikweni, a Pulofesa."

"Kukanakhala kwenikweni, thovu limeneli sibwenzi tikuliona. Tatsegula pulogalamuyo."

Nambala inaonekera pakhoma. Verneri anafiira mpaka m'makutu. Wina anatsokomola kubisa kuseka. Tuuli anamva kukoma kumene ankakuyembekezera, ndipo anapinda manja pachifuwa.

"Si ine ndinalemba," Verneri anatero pomaliza, akuloza kumbuyo. "Analemba ndi Tuuli Keränen. Yonse."

Mitu yonse inatembenuka.

"Ndi zoona, mtsikana?" anafunsa a Pulofesa. "Pulogalamuyi ndi yomangidwa bwino, ndaiona. Amene anailemba sangasokoneze nambala imeneyi mwangozi."

Tuuli anaimirira. Akanatha kunena kuti chala chinaterereka, koma maso a Pulofesawo ankaoneka kuti akudziwa kale.

"Ndinaisintha dala."

"Ndiye tilibe choweruza," anatero a Pulofesa mosakweza mawu. "Wina watenga ntchito ya mnzake, winayo wanamiza ntchito yake yomwe. Tikanakonda kuona yankho loona lija, ngakhale lilibe thovu."

M'sitima yobwerera palibe anakhala pafupi ndi awiriwo. Tuuli anatsegula kompyuta pamiyendo, n'kubwezeretsa nambala yoona. Chilengedwe chinazizira mosalala, molondola ngati mmene anakonzera poyamba, koma panalibenso woti amuonetse.