Kanyenyezi ka pa Laputopu ya Agatha

Zinayamba ndi kanyenyezi kamodzi, kakang'ono ngati nsabwe.

Agatha wa ku Area 25 anapeza ganyu pa kakampani kena kopanga pulogalamu yokhoma disiki ya kompyuta, kuti wakuba akaba makinawo asawerenge kalikonse. Pulogalamuyo sankapanga ndi iye, ayi. Yake inali yokonza buku la malangizo. M'bukumo mumakhala tizizindikiro, tinyenyezi ndi mabulaketi, touza kompyuta kuti apa ndi mutu, apa pade kwambiri. Kamodzi kakangosochera, tsamba lonse limapindika ngati malata osasuka ndi mphepo.

Lolemba anakonza zonse, nagona. M'mawa foni inalira. Anali a Lucious, bwana wake.

"Agatha, chenjezo lija lapita kuti? Lija loti munthu akalakwitsa apa, disiki yonse ifufutika?"

"Lilipo, bwana."

"Palibe! Wina atsatira tsamba limeneli, ataya zake zonse, atimangitsa. Likafika Lachisanu lili chonchi, ganyu yatha."

Agatha atayang'ana, anapeza kanyenyezi ndi bulaketi zoti iye sanaike, zitameza chenjezo lonse. Bukulo limadzisunga lokha pa intaneti, ndiye chilichonse cholembedwa pa laputopu yake abwana ankachiona. Tsono laputopuyo inali yothyoka khosi, ukaitseka sidzukanso, choncho inkagona yoyasamula patebulo.

Anakonzanso, uku akudya chipisi cha pachiwaya monga mwa masiku onse, chala m'jumbo, chala chomwecho pa batani. Tinyenyeswa takuda topserera akatiwona pakati pa mabatani, ankatitola ndi chala cha malovu n'kuponya m'kamwa. Chipisi chinadula, munthu sataya.

Lachitatu kutacha, zomwe zija. Chodabwitsa n'chakuti wolembayo sankakhudza zilembo wamba. Ankasankha tizizindikiro ta ntchito tokhatokha, ngati munthu woti anapita nazo kusukulu.

Pa mpopi, Mai a Tiwonge a nyumba yoyandikana anamukokera pambali.

"Achemwali, makina anuwo munagula kuti?" ananong'ona.

"Kumsika, kwa anyamata."

"Ehee! Ku Kanengo kunamwalira kalaliki wina. Anakhoma kompyuta yake, pasiwedi n'kupita nayo kumanda. Akuti akazi ake anagulitsa. Mwini wake akufuna kulowa, achemwali."

"Ngati ndi mzimu, Mai a Tiwonge, ndi mzimu wothawa sukulu. Ukutsegula bulaketi osatseka."

Agatha anaseka, koma ndowa anaiiwala pa mpopi pomwepo.

Usiku umenewo magetsi anathima. Ma minibasi a pa M1 anatha, agalu anatopa kuuwa, m'chipinda munatsala kakuwala kobiriwira ka laputopu basi. Ndiye anamva. Tcha. Patapita kanthawi, tcha-tcha. Pakati pa kulira kwa mabataniwo pankamveka kaphokoso kena konyowa, ngati nkhalamba yopanda mano ikuyamwa mango. Kenaka kunabwera fungo, la thumba lonyowa loiwalika kuseri kwa chimbudzi. Agatha anafunda kumutu, nayamba kwaya ya mumtima, mavesi onse mpaka ena opeka.

Kutacha, chenjezo linali litamezedwanso. Mabatani a kanyenyezi ndi bulaketi anali mbee, kuwala ngati wina wawatsuka, koma onata. Anagwirapo, nanunkhiza chala, nachita tsinya. Komabe ntchito ndi ntchito. Anakonza, anadya, anatola tinyenyeswa take.

Lachinayi usiku anati mzimu kaya chiyani, ganyu yokha sapita nayo. Anakhala pabedi, foni kudzanja lina, nsapato ya gogoda kudzanja lina. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Fungo linayamba kufika. Tcha. Tcha-tcha.

Anayatsa tochi.

Pa mabatani panali chikhoswe. Kukula kwake ngati mwana wa mbuzi. Chabwino, tinene ngati nsapato ya a Lucious, koma a Lucious amavala yaikulu. Ubweya unali wothothoka, pamsana chilonda chonyezimira, mchira wa mamba utagona pa sikirini. Sichinathawe. Chinamuyang'ana kamodzi ngati mnzake wa mu ofesi, n'kupitiriza kunyambita. Chinkapita pomwe panali mafuta ambiri, pa mabatani omwe aja Agatha ankawadinya tsiku lonse ndi chala cha chipisi. Chikanyambita, batani linkatsika. Ndiwo maphunziro ake onse.

Chitakhuta, chinatembenuka pang'onopang'ono, n'kukhala chete ngati chikuganiza. Chitachoka, pakati pa mabatani panatsala tinthu takuda, titatu, tofunda. Agatha anatiyang'ana. Anatizindikira. Nsapato inagwa yokha.

Mai a Tiwonge amalumbira kuti kukuwa kwa Agatha kunadzutsa anthu mpaka ku Kanengo, ndipo kuti mpopi unatseguka mpaka m'mawa, munthu akuchukucha m'kamwa ndi sopo wochapira.

Agatha anakonza tsambalo atavala majumbo m'manja, navundikira laputopu ndi beseni, pamwamba njerwa ziwiri. Lachisanu chenjezo linali pamalo pake, lakuda bii. A Lucious anakondwa mpaka kubwera okha ku 25.

"Wagwira ntchito, mtsikana. Ganyu ndi yako. Ndakugulira kenakake."

Anatambasula jumbo ya chipisi, chotentha, cha mafuta.

"Ndinawauza akuthirire topserera tambiri. Paja umatikonda."