Timitanda ta Lapisi

Crispim analipeza pepalalo litafutukulidwa patebulo, chonsecho dzulo lake analipinda ndi manja ake n'kuliika m'katoni ya zotaya.

Iye anali mlonda wa biblioteka, nyumba yosungiramo mabuku, pasukulu ina yaukachenjede ku Moatize, kumene achinyamata amaphunzira za nthaka ndi kakonzedwe ka midzi. Chaka chimenecho kunabwera mapa atsopano ojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, malo pamashelefu anachepa, ndipo Dona Leonor, woyang'anira mabuku, ankasankha zosunga ndi zotaya. Lamulo linali limodzi: mapa opanda dzina la wolemba, opanda chaka, opanda muyeso, sakhala pashelefu.

Pepalali linalibe zonsezo. Linali la manda a kumudzi watsopano, kunjira ya ku Zóbuè, kumene mafupa a anthu akwawo anasamutsidwira mudzi wakale utasanduka mgodi wa malasha. Wina anajambulapo ndi lapisi timitanda makumi anayi, kalikonse ndi dzina lake. Pamzere wachitatu panali Rebeca, mayi ake. Zikhomo za pamandapo chiswe chinadya kalekale. Amalume ake, amene analipo tsiku lokwirira, ankangoti, "Mphwanga, dzuwa linali loswa mtengo, tinakhala pamthunzi." Anadya buledi wa anthu, namwa zozizira, osadzuka kukaona pomwe mlongo wawo akugonekedwa.

"Dona, ndibwerekeni pepalali. Simenti ndagula, ndikufuna kuwamangira chiliza amayi."

"A Crispim, ngakhale chotaya sichituluka muno diretori wa sukulu asanasaine. Abwera Lolemba."

"Ndiye libwezereni pashelefu, lisungike."

"Kumpoto n'kuti apa? Wophunzira angayezepo chiyani? Pepani, si mapa awa."

Anamuchitira chifundo n'kuliika pamakina a fotokopiya, koma lapisiyo inali yozilala, panatuluka pepala loyera. Crispim anayesa kukopera m'kope, koma sukulu anailekezera kalasi yachitatu, ndipo mizere yake inkatuluka mosiyana nthawi iliyonse.

Usiku wa Lachinayi magetsi anazima. Sitima ya malasha inadutsa ikubuula, ndipo phokoso lake litathera kutali, m'chipinda cha mapa munamveka kanthu kakukhula pepala pang'onopang'ono, khwe, khwe, ngati munthu wosafulumira. Anatsegula chitseko. Munali mdima wotentha, wonunkha dothi lofukulidwa kumene. Pepala linali patebulo. Anawerenga ndi tochi: panatsala timitanda makumi atatu ndi kamodzi, tina titafufutika.

Ophunzira ankanong'onezana kuti kutentha kwa Moatize kumadya zolemba. Emília, mayi wosesa, anamukokera kuseri kwa mashelefu.

"Achimwene, anthu aja akuchoka. Anawanyamula ngati matumba, osawauza komwe akupita. Akubwerera kwawo."

"Kwawo kuti, mayi? Kwawo ndi dzenje!"

Emília anabwerera kukasesa.

Lachisanu tinatsala timitanda khumi ndi tisanu ndi tiwiri. Loweruka Crispim analitsekera pepalalo m'kabati, kiyi n'kumanga m'chiuno, koma kukhula kuja kunamvekabe mkati mwa kabatimo, ndipo kutacha tinatsala tisanu ndi kamodzi. Anaimbira amalume ake. Iwo anati ali kumunda, akambirana pa Khirisimasi.

Lamulungu usiku anakhala patebulo yekha, nayika chala pa kamtanda ka mayi ake, n'kutsindika. "Amayi, dikirani mawa lokha," ananong'ona. Kukhula kunayamba pafupi ndi dzanja lake lenileni. Mphepo yozizira inkamukhudza pamkono ngati mpweya wa munthu woweramira. Sanayatse tochi. Thukuta linkayenderera kuchokera m'khwapa, kutsika mkono, mpaka kunsonga ya chala, koma iye anangotsindikabe, kutsindika mpaka dzanja linachita dzanzi.

Kunja kutayera anaona kuti pepala lonse layera, kupatula pomwe anaphimbapo. Chinthu chija sichinafikepo. Anatukula chala pang'onopang'ono.

Pansi pake panali banga lonyowa, pepala litanyenyeka. Dzina ndi kamtanda zinali kuchala kwake, kachidetso kotuwa kosawerengeka.