Mzere Wachinayi pa Kaseti ya Bambo

Achimwene anga a Eliya amati anali bambo. A Fanizo, amene amakonza mawailesi ndi mafoni pa Kandeu, amati inali tepi yokalamba ndi hedi yakuda basi. Onsewo ndinawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo palibe amene ndingamunene kuti ndi wabodza. Koma amene ankadina mabatani masiku atatu onsewo ndine.

Bambo athu, a Goliati, anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Pobwera anabwera ndi chifuwa chosapola komanso makina ojambulira nyimbo pa kaseti. Makinawo si wailesi wamba. Amagawa tepi m'mizere inayi, mzere uliwonse ndi kabatani kake kokwezera ndi kutsitsira mawu. Munthu amatha kujambula gitala lero, mawu mawa, kenako n'kuzimvera pamodzi.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anajambula nyimbo imodzi ya kutchalitchi. Pa mzere woyamba anaikapo gitala yawo. Pa wachiwiri tinaimbapo ine ndi a Eliya. Wachitatu unali wa mayi, a Zelesi, amene bambo ankawaitana Nangozo. Wachinayi anasungira mawu awo a besi, koma akati ayambe, chifuwa chinkawagwira. Pa kapepala ka kasetiyo analembapo kuti "4: ine", nati adzaimba akachira.

Sanachire. Mayi anatsogola zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, bambo anatsatira chaka chatha. Zithunzi tili nazo, koma mawu a mayi kulibenso kwina kumene ali, kupatula pa mzere wachitatu uja.

Manda awo ndi oyandikana, ndiye tinagwirizana zowamangira chiliza chimodzi. Tinati tsiku lochivundukula anthu adzamve kasetiyo.

Lolemba madzulo tinatulutsa makinawo m'sutikesi ya bambo n'kuwalumikiza ku batire ya sola. Kaseti inayamba kuzungulira, koma inkakoka. Gitala inkalira ngati yaledzera. Kenako mayi analowa. Mawu awo ankanjenjemera chifukwa cha kukokako, komabe anali iwo enieni, pafupi ngati ali pakhomo.

Foni inali m'manja mwanga.

"Jambulani, achemwali," anatero a Eliya.

"Ayi, ikukoka. Tikonzetse kaye, tidzajambule zabwino."

Ndine mphunzitsi, ndinazolowera kukana ntchito yosalongosoka. Mawu amene ndinawayankhawo amandibwerera tsiku lililonse.

Tisanazimitse ndinakweza kabatani kachinayi mpaka pamwamba. Munalibe kanthu, kungoti shiii.

M'mawa ndinapita nawo makinawo kwa a Fanizo. Anasintha lamba amene anali atatamuka. Anapukuta hedi, kachitsulo kamene tepi imakhulapo podutsa, ndi thonje loviika mu spiriti. Anapukutanso kagudumu ka labala.

"Kuimba aimba, aphunzitsi," anatero. "Koma zojambula iwalani. Onani waya wakeyu, makoswe anapangapo phwando kalekale. Mpaka dzimbiri."

Lachiwiri madzulo tinayesanso. Gitala inawongoka. Ife ana tinamveka bwinobwino. Koma mayi anali kutali. Ndinakweza kabatani kawo mpaka kumapeto. Ankamveka ngati akuimbira kunyumba ya eni.

Ndinaganiza kuti mwina mabatani asokonekera, ndiye ndinayamba kuwayesa limodzilimodzi. Loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Nditakweza lachinayi, kunamveka shiii uja.

Kenako munthu anatsokomola.

Anatsokomola kawiri, n'kukoka mpweya mwa mluzu. Chifuwa chimenecho tinagona nacho nyumba imodzi zaka makumi atatu. A Eliya anaimirira, navula chipewa. Za foni palibe anakumbukira.

Kutacha ndinali kale pa khonde la a Fanizo. Sanandiseke. Anati mwina madala anayesapo kujambula okha tsiku lina ife kulibe, ndipo dothi la pa hedi ndi limene linkabisa.

"Nanga waya uja?"

"Mwina anajambula makoswe asanafike."

"Nanga Lolemba mayi anamveka bwanji pa hedi yomweyo?"

"Dothi siligona mofanana, aphunzitsi."

Zinali zomveka. Anapukutanso hedi n'kundionetsa thonjelo. Linali lofiirira ngati fumbi la njerwa.

"Ili si dothi ayi. Iyi ndi tepi yeniyeniyo, ikunyenyeka. Mukaiimba kamodzi, ina imatsala apa. Mawu a mayi anu ndi amenewa."

Thonjelo ndinalikulunga m'pepala n'kuliika m'chikwama. Sindikudziwa chifukwa chake.

A Eliya anali ndi kumva kwawo. Anati bambo analonjeza kuti adzaimba akachira, ndipo kumene aliko achira. Anati munthu amene wadikira zaka khumi ndi chimodzi kuti aonanenso ndi mkazi wake sangalole kuti mkaziyo azitsalira m'kabokosi ka pulasitiki.

"Abwera kudzawatenga. Inu mukamaiimba mukuwatsegulira chitseko."

"Achimwene, ndi fumbi la tepi."

"Chabwino, ndi fumbi. Nanga bwanji gitala siikutha? Bwanji ife sitikutha? Fumbilo likudziwa dzina la mayi?"

A Fanizo akanati mzere wina umakhula kwambiri kuposa unzake, ndipo mwina n'zoona.

Lachitatu ndinabwereka laputopu ya kusukulu ndi waya wolumikizira. Ndinati kamodzi kokha, mzere wa mayi wokha, ndipulumutse chimene chatsala. A Eliya anakana kulowa. Anakhala pakhonde, chitseko chili chotsegula. Kunja kunali kutangoda, mphepo yozizira ikutsika kuchokera ku mapiri a ku Tsangano.

Ndinatsitsa kabatani koyamba, kachiwiri ndi kachinayi mpaka pansi. Kachinayiko ndinakapanikiza ndi chala. Ndinadina.

Mayi anali ngati udzudzu m'chipinda china. Ndinagunditsa khutu pa sipika. Vesi loyamba linatha. Lachiwiri linayamba.

Besi inalowa.

Inalowa pamalo pake penipeni, pansi pa mawu a mayi. Inali yodzaza, yosatsokomola. Chibadwire sindinawamvepo bambo akuimba ndi chifuwa chabwino, koma ndinawadziwa. Ndinayang'ana chala changa. Kabatani kanali pansi.

Besi ikukula, mayi ankachepa. Anaimba limodzi mizere iwiri ya vesilo. Kenako besi inaleka, ndipo mawu anayankhula, mmene bambo ankayankhulira tikachedwa kumunda.

"Nangozo, nyamukani. Kwada."

A Eliya anadumphira m'nyumba n'kuzula waya ku batire. Tinatsala mumdima. Kaseti inaima kutatsala vesi lomaliza, limene mayi amaimba okha popanda ife.

Zimene laputopu inagwira ndazimvera kambirimbiri. Muli shiii, ndi kenakake kopyapyala kamene ndimadziuza kuti ndi mayi. Besi mulibe. A Fanizo akuti n'zosadabwitsa: waya unatenga mzere wachitatu wokha, pamene m'sipika mawu a mzere wina amatha kudonthera ngati kabatani katha. Za mawu oyankhulawo akuti mwina madala ankaitana mayi tsiku limene ankayesa kujambulalo. A Eliya akuti akufa sajambulidwa. Anthu oyandikana nafe amanong'onezana kuti a Goliati sankapita kulikonse osawadikira akazi awo pa mphambano.

A Fanizo anati akudziwa munthu ku Blantyre amene ali ndi makina abwino. Munthuyo akanatha kuiyendetsa kasetiyo kamodzi kokha, mwina vesi lomalizalo n'kupulumuka. Ndinafunsa ngati akutsimikiza. Anapukusa mutu. Anati likhoza kutuluka, likhozanso kutsala pa thonje.

Ndinaganiza sabata yathunthu. Ngati a Fanizo akulondola, kuiimbanso kukhoza kumaliza mayi. Ngati a Eliya akulondola, mayi ananyamuka kale, ndipo ndikamva shiii yekhayekha pamalo pa vesi lawo. Anthu awiri osagwirizana pa chilichonse ankandiopseza ndi chinthu chimodzi.

Ndayamba kale kuiwala mmene mayi ankatchulira dzina langa. Ndikayesa kukumbukira, ndimamva mawu anga omwe.

Tsiku lothira simenti ndinakulunga kasetiyo m'pulasitiki pamodzi ndi thonje lija, osaibweza kumayambiriro. Ndinaipereka kwa mmisiri ndi kumuuza kuti aiike pakati, pamene manda awiriwo akumana. Anandiyang'ana, nayang'ana a Eliya, kenako anatapa simenti ndi chipande chake n'kukwirira.

Pa tsiku lovundukula chiliza panalibe sipika. Nyimboyo tinaimba awiri, ine ndi a Eliya, mbali yathu ya ana ija. Titafika pa vesi lomaliza, la mayi okha lija, tinakhala chete mpaka nthawi yake itatha.