Mkanjo wa Pulofesa

M'nyumba ya atelala munali mtendere. Bambo ankasoka mikanjo ija amavala ophunzira a ku yunivesite tsiku lomaliza maphunziro, mayi ankasita ndi kupinda, ndipo chakudya sichinkalowa m'kamwa asanapemphere. Mwana anali mmodzi yekha, mnyamata. Ku pulayimale sankadziwa nambala ina koma wani, mpaka anthu anamupatsa dzina lakuti Pulofesa. Tsoka lake, dzinalo linamukomera kuposa mabuku amene analibweretsa.

"Mikanjo ya ana a eni ndasoka yambiri," bambo ankatero, singano ili pakamwa. "Wako ndidzasoka pamanja, osati pamakina."

Ku sekondale Pulofesa anapeza mnzake wotchedwa Shasha, katswiri wa pulu, masewera ogunda timipira patebulo ndi ndodo yopaka choko kunsonga, kuseri kwa sitolo ina.

"Iwe, mutu ngati wakowu n'kumawerenganso?" anatero Shasha. "Kuwerenga n'kwa a Kamba. Gwira ndodo apa."

Kamba anali mtsikana wa m'kalasi mwawo, womva mochedwa, wofunsa funso limodzi kawiri mpaka kalasi yonse kufa nacho chiseko. Woyambitsa chisekocho anali Pulofesa.

Tsiku lina mayi anaona zala za mwana wawo zili buluu.

"Choko cha kusukulu n'choyera, mwanangu. Ichi n'cha kuti?"

"Amayi, musadandaule. Ine mayeso ndimangowayang'ana, amadziyankha okha."

"Nzeru ndi mpeni, ukausiya umachita dzimbiri. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Mayeso omaliza sanadziyankhe okha. Pulofesa anakhoza mochita kukwawa, masamu ndi sayansi zili pansi penipeni. Kamba nayenso anaperewera. Aphunzitsi aakulu anawaitana onse awiri mu ofesi.

"Ndisakunamizeni, ndi magiredi awa yunivesite singakutengeni. Malo ndi ochepa, okhoza bwino ndi ambiri. Koma khomo silinatsekeke. Bwerezani chaka chimodzi, mulembenso."

"Ndibwera Lolemba," anatero Kamba.

Pulofesa anatuluka manyazi akumutentha, nalunjika kwa Shasha.

"Pulofesa wathunthu kukakhala benchi imodzi ndi tiana?" Shasha anaseka. "Anthu akuseka mpaka nthiti kuwawa. Tamvera, aise. Ku yunivesite kuja chipinda chimodzi mumadzaza anthu ngati pamsika, palibe amafunsa kuti ndiwe yani. Kwanu ukangonena kuti akutenga pa chisankho chachiwiri, ndipo bungwe lina likulipirira."

Anakanenadi. Makolo sanafunse umboni, poti ndani angakayikire Pulofesa? Mayi anagwada n'kuthokoza Mulungu. Bambo anakwera pampando n'kutsitsa nsalu yakuda imene anaisunga pamwamba pa kabati.

M'mawa uliwonse mnyamata ankanyamula chikwama n'kukwera basi. Poyamba ankakhaladi kumbuyo kwa chipinda chophunzirira, akukopera zinthu zimene sankazimva. Nthawi ya mayeso, pakhomo akafuna chiphaso, ankakhala pansi pa mtengo. Kenaka anayamba kutsikira kwa Shasha. Mowa unatsatira, poti mtima wosunga bodza sugona tulo wopanda chouledzeretsa. Kangapo konse anafika kunyumba atatsimikiza kuulula, koma ankapeza bambo atawerama pansalu ija, maso atayamba kuchita khungu, singano ataiyandikitsa pamphuno. Ankangodutsa n'kukagona.

Chaka chachiwiri anakumana ndi Kamba pachipata cha yunivesite, mabuku ali pachifuwa. Kamba anali atabwereza, ndipo yunivesite inamutenga.

"Nawenso uli konkuno?" Kamba anafunsa mokondwa.

Pulofesa anawoloka msewu ngati sanamve.

Zaka zinatha, tsiku lomaliza maphunziro linafika. Chaka chilichonse bambo ankagwira ntchito kuseri kwa holo, kuveka ana a eni ndi kulandira mikanjo ikabwerera. Tsiku limenelo ntchitoyo anaisiyira telala mnzawo. Anavala suti, anaveka mwana wawo ndi manja awo, nakakhala ndi mayi pakati pa makolo ena. Mkanjowo unamukhala ngati anabadwa nawo.

Koma m'holomo mpando uliwonse unali ndi dzina la mwini wake. Pulofesa anayenda mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu, mpaka wolondera anayamba kumuyang'anitsitsa. Anatuluka n'kuimbira Shasha.

"Nditani tsopano? Makolo anga ali mkatimu!"

"Ine ndinangopereka maganizo, aise. Wovala mkanjo ndiwe." Foni inaduka.

Mkati anayamba kuitana mayina. Mayi anasunga nthungululu pakhosi kuyambira dzina loyamba mpaka lomaliza. Holo itayamba kukhuthuka, bambo anadzuka mwakachetechete. Iwo ndi mayi anakamupeza mwana wawo kuseri, atakhala pansi pakati pa milu ya mikanjo yobwezedwa.

"Kapena anakudumpha, mwanangu?" mayi anafunsa. "Tiye tikawauze."

Pulofesa anagwada, naulula zonse, kuyambira choko chabuluu chija. Mayi anakhala pansi ndi zovala zawo zatsopano n'kuyamba kulira. Bambo sanakalipe, ndipo zimenezo zinamupweteka mnyamatayo kuposa ndodo.

"Ukanandiuza kuti waperewera, ndikanakuperekeza ndekha kukabwereza. Kulephera mayeso si tchimo. Koma iwe wandisoketsa bodza ndi maso anga otsala. Vula."

Chaka chotsatira Pulofesa anali pabenchi ija anaikana, ndevu zili pachibwano, pakati pa ana amene ankamutcha achimwene. Akaweruka ankalowetsa ulusi pasingano, poti maso a bambo anali atatha. Shasha sanaonekenso.

Nyengo ya mikanjo itakwana, pakhomo panafika mtsikana mochedwa, mikanjo yonse yobwereketsa itatha. Anali Kamba. Bambo anapapasa m'kabati n'kutulutsa mkanjo wosoka pamanja uja.

"Uwu sunavalidwepo ndi mwini wake weniweni. Yesa, mwanangu."

Unamutalikira. Bambo anatembenukira kwa mwana wawo.

"Gwada upinde m'munsimo. Ine sindikuona."

Pulofesa anagwada pamapazi a mtsikana amene ankamuseka uja, mapini ali pakamwa, misozi ikugwera pansalu imene bambo ake anamusokera iyeyo. Anapinda mosamala mpaka m'munsi monse munalingana.

Wachinyamata iwe, nzeru zobadwa nazo sizilemba mayeso, ndipo magiredi otsika si manda. Ukaperewera, nena zoona, ubwerere ukayesenso. Ulesi unamulanda Pulofesa chaka chimodzi chokha. Bodza lobisira ulesiwo linamulanda unyamata wake, chikhulupiriro cha makolo ake, ndi mkanjo umene bambo ake sadzathanso kusoka wina.